Pulogalamu Imene Inkatseguka kwa Ine Ndekha

Ine munthu wondiuza kuti zonse zimachitika ndi cholinga ndimadana naye. Cholinga chanji? Tamvani kaye zanga.

Achimwene anga amayendetsa galimoto pakampani ina yopanga mapulogalamu a pa intaneti. Tsiku lina anabwera ndi laputopu m'chikwama n'kuiika patebulo pomwe ndinkasitira zovala. Anati abwana awo akufuna munthu woti aphunzire ntchito, ndipo avomera kuona chimene mchemwali wa dalaivala angapange. Mchemwaliyo ndi ine, amene ndinamaliza sukulu kalekale n'kumangokhala pakhomo pa achimwene, kuchapa ndi kulera ana awo.

"Mwayi wake ndi umodzi, iwe," anatero. "Ndawagwira mwendo anthu aja. Usandichititse manyazi."

Ndinasankha kupanga pulogalamu yoonetsa madiresi a telala wa pafupi nafe. Pa mavidiyo ndinaphunzira kugwiritsa ntchito fulemuweki, zida zija zomangira nkhope ya pulogalamu: umapanga batani palokha, chithunzi pachokha, kenako n'kulumikiza. M'vidiyo zimaoneka zosavuta. Bodza lenileni! Ukaiwala kachizindikiro kamodzi, sikirini yonse imangoti mbee, kenako zilembo zofiira mbwee. Ndinkalira ndili pampando. Alamu anga akamadutsa ndi beseni ankandiseka: "Injiniya wathu, mwayamba kale kulira? Nanga akakulembani ntchito tidzakutolani kuti?"

Koma chinthu chija chinatheka. Ukadina diresi linkakula, ukasankha mtundu nsalu inkasintha pompo. Ngakhale alamu anatula beseni n'kuyamba kudina, ati akufuna lobiriwira. Ndinakopera adiresi imene inali pamwamba pa tsambalo n'kutumizira achimwene pafoni. Ndinali nditaiyesa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse inkatseguka bwinobwino. Ndinkayesera pa laputopu yomweyo, chitsiru ine.

Mawa lake achimwene anabwera dzuwa likanalipo. Sanavule nsapato pakhomo monga amachitira. Anangokhala pampando, makiyi ali m'manja.

"Zayenda bwanji, achimwene?"

"Abwana anaitana onse a mu ofesi kuti adzaone," anatero, maso ali pansi. "Ine ndinaima kumbuyo, ndikumwetulira. Anadina, palibe. Anadinanso, palibe. Wina anawerenga adiresiyo n'kuphulika kuseka."

"Koma imatseguka! Ndikulumbira, imatseguka!"

"Kwa iwe wekha. Andifotokozera. Akuti adiresi imeneyo imaloza mkati mwa kompyuta ya amene waitsegula. Kompyuta ya abwana inadzifufuza yokha, osapeza kanthu. Unayenera kuyamba waiika pa intaneti."

Vidiyo yonena zimenezo inalipo ndithu, yomaliza. Ndinailumpha dala, poti ndinkafuna kukonza m'mbali mwa mabatani kuti mukhale mozungulira. M'mbali mwa mabatani, abale inu!

"Ndiye tipite nayo laputopuyi mawa," ndinatero. "Ndikawaonetse ndekha. Chonde, achimwene."

"Ndinapempha. Ndinawatsatira mpaka pagalimoto. Akuti munthu wosadziwa zimenezo sanafikepo. Atenga wina."

Ndinkayembekeza kuti andikalipire, ndipo zikanakhala bwino. M'malo mwake anakoka laputopu ija n'kuitsegula. Madiresi onse anatulukira, osavuta ngakhale pang'ono. Anadina lofiira, linakula. Anasintha mtundu, unasintha. Anapitiriza kudina ndi chala chawo chachikulu chija, limodzi ndi limodzi mwa madiresiwo. Alamu anaima pakhomo la kukhitchini, ndipo ulendo uno sanandiseke.

"Unapanga wekha zonsezi?" anafunsa achimwene.

"Ndekha."

"Koma ndi chokongola, mchemwali wanga. Ndi chokongola zedi."

Apo ndiye ndinalira mokweza ngati mwana. Mtima unandipweteka kuposa akanandimenya mbama. Anadikira kuti nditonthole, kenako anatseka laputopu pang'onopang'ono n'kuyamba kukulunga chingwe chake.

"Sindinakuuze, ndimaopa kuti usokonezeka. Laputopuyi ndinabwereka ku ofesi. Mawa afufuta zonse zili mkatimu, aipereke kwa amene amutengayo."

Ndinafunsa ngati ndingasunge pulogalamu yanga pa fulashi. Anati inde, sunga. Ndinasungadi. Kenako anandiyang'ana, inenso n'kuwayang'ana, poti tonse tinkadziwa kuti m'nyumba muno mulibenso poitsegulira.