Mtedza wa Atsekwe

Chaka chilichonse madzi a Ayeyarwady akaphwa, pakati pa mtsinje pamatuluka chilumba cha matope, ndipo minda yake timagawana pochita maere. Mayina amalembedwa pa tizidutswa ta nsungwi n'kuponyedwa mumphika. Wogwira mphikawo ndi mlamu wanga, U Shwe Baw, wapampando wa komiti. Zaka zisanu ndi chimodzi zondondozana ine ndakhala ndikugwera kunsonga kwa chilumba, kumene atsekwe amatera akabwera kuchokera kumapiri akumpoto. Mphika umenewo uli ndi maso.

Kupha atsekwewo n'kosatheka. Amonke achibuda anakhoma chikwangwani pagombe chakuti chamoyo chilichonse chisavutitsidwe pamenepa. Ine sandiwerengera m'gulu la zamoyo. Mtedza wanga ukangotulutsa timasamba, atsekwe amaudya ngati aitanidwa kuukwati, ndipo mtedza umenewo ndiwo timasinthitsa ndi mpunga wa chaka chonse.

Chaka chatha ndinakadandaula ku komiti.

"Alamu, mwalankhula zanzeru," anatero U Shwe Baw akupukuta pakamwa. "Akudya kwanu chifukwa alibe pawo. Iwowa anayamba kubwera kuno makolo athu asanabadwe. Alowe nawo m'maere."

Ndinkayesa nthabwala, koma anthu anaomba m'manja. Kansungwi kolembedwa kuti Atsekwe kanalowa mumphika, n'kutuluka ndi munda wapakati, wadothi lakuda bii. Ine kunsonga komwe kuja.

Palibe anapita kukawauza atsekwewo. Anatera kwanga monga mwa masiku onse. Ndinabzala, iwo anadya.

"Munda wawo ukungogona," anatero mkazi wanga, Ngwe Hmyin. "Bwanji osasinthana nawo? Kapena mukudikira akupempheni?"

Ndinabwerera ku komiti.

"Kusinthana n'kololedwa," anatero mlamu wanga, "koma mbali zonse ziwiri zisaine."

"Tsekwe asaine?"

"Inu mumasaina bwanji, ndi sitandade folo yanuyo? Iwo adinde chala."

Masiku atatu ndinagona chafufumimba m'bango, patsogolo panga pali thireyi ya matope yowaza mpunga, nsalu yanga ili chinyowere. Tsiku lachitatu tsekwe wina anaponda pathireyipo, anadya mpunga wonse, n'kundiyang'ana ngati wandizindikira. Ndinanyamula thireyi ija pamutu mpaka kumudzi.

A komiti anaizungulira. Wina anati ndi phazi la bakha. Wina anati ndi lamanzere. U Shwe Baw anavala magalasi, n'kufunsa ngati wodindayo ali ndi udindo pakati pa anzake.

"Ndi wapampando," ndinatero. "Amadya koyamba."

Anailandira patatha sabata ziwiri, n'kuitsekera m'kabati.

Mbewu inali itatha. Ngwe Hmyin anatulutsa mtedza umene anasungira ndiwo, ndipo ndinaubzala m'munda wapakati, womwe tsopano unali wanga. Tsiku lomwe unamera, atsekwe onse ananyamuka kunsonga kuja n'kudzatera pamenepo.

"Alamu, akudyanso kwanga!"

"Abwera kudzacheza. Mwayamba liti kupirikitsa oyandikana nawo munda? Mukanakhala munthu mukanawaphikira tiyi."

Anacheza miyezi itatu. Pochoka, kutentha kutayamba, anasiya dothi lokhalokha ndi nthenga.

Koma kunsonga kuja, mtedza wanga woyamba unali utaphukanso popanda wousokoneza, utakhuta zitosi. Chibadwire sindinaonepo mtedza wotero. Ukazula phata limodzi, dzanja limalemera. Ndinapitako ndi madengu m'mamawa, koma ndinapeza mlamu wanga atafika kale, atakhala pansi pa ambulera.

"Kuba kumeneko, alamu. Chidindo chili m'kabati. Munabwera nacho nokha, pamutu."

"Ndinabzala ndine!"

"Mukanawauza eni ake asanachoke."

Komiti inagamula kuti popeza eni munda ali paulendo, zokolola zawo ziperekedwe kwa amonke m'dzina lawo. Ndipo popeza mwambo wathu umati woyandikana naye akachoka umamukololera, wozula anali ine. Madengu makumi atatu, ndinawakweza ndekha m'bwato.

Tsiku la mwezi wathunthu tinakhala pamikeka kunyumba ya amonke. Chimkuzamawu chinatchula opereka mphatso. Wakuti mafuta botolo limodzi, wakuti makandulo. Kenako chinati, "Atsekwe a kunsonga, mtedza madengu makumi atatu!" Anthu anang'ung'udza mosilira. Mayi wina anapukuta misozi, ati mbalame zimenezi zidzabadwanso zili anthu olemera.

Wina akapereka, tonse timayankha kuti thadu katatu, kuti tigawane nawo madalitso. Ngwe Hmyin anandigunda ndi chigongono.

"Yankhani, ndi chokhacho mutengepo."

Ndinayankha kawiri.

Dzulo ndinamva atsekwe akudutsa pamwamba pa denga, ochuluka kuposa kale. Ndinapeza U Shwe Baw pakhonde pake akusema nsungwi, tizidutswa tili mulu.

"Abwera ndi ana," anatero osadzutsa mutu. "Ana akula, alamu. Sangamalimebe kwa makolo awo."