Musayatse Kaye, Alamu

Wogula anati afika 2 koloko, ndipo ananenetsa kuti kompyutayo aione ikuyaka ndi maso ake. Phuma, yemwe anzake anam'patsa dzinali chifukwa chosadziwa kudikira, anali ataitulutsa kale m'katoni momwe inagona zaka makumi awiri chitsekereni kashopu kake kotayipa makalata. Chingwe chinali m'manja, soketi ili pomwepo.

"Mukangolowetsa chingwecho, tilira maliro pano," anatero alamu ake okonza mawailesi, akulowa ndi chikwama cha zipangizo.

"Alamu, nthawi yatha!"

"Chinthu chagona zaka zonsezi, mukufuna chidzuke n'kuthamanga? Inuyo m'mawa simuyamba mwadziwongola?"

Anatsegula chivundikiro cha kompyutayo. Mkati munali fumbi lochindikala ngati bulangete, ndi mphemvu ziwiri zouma. Alamuwo ankapukuta ndi kaburashi ngati akusambitsa khanda. Phuma anapita pawindo, nabwerera, nayang'ana foni, napitanso pawindo. Mpando unkamuwotcha.

"Tabwerani muone."

Kabatire kamkati kanali katatulutsa zoyera ngati mchere, zitayamba kudya waya wapafupi. Alamuwo anakadula kabatireko, natsuka malowo ndi sipiriti, n'kunena kuti paume kaye. Phuma anatenga nyuzipepala n'kuyamba kukupiza.

Kenaka alamuwo analumikiza babu pakati pa soketi ndi kompyuta.

"Babuli likawala kwambiri osazirala, ndiye kuti mkati muli shoti. Muzimitse pompo, osandifunsa."

Phuma anaika chala pa switchi. Panja panaima galimoto, chitseko chake n'kumenyeka.

"Dinani."

Babu linawala ngwee, kenaka linazirala mpaka kutsala kofiirira. Fani inatsokomola fumbi. Panamveka kaphokoso kamodzi, pii, ndipo zilembo zobiriwira zinatulukira pagalasi.

Wogula anali mayi wamagalasi, mphunzitsi wosonkhanitsa makina akale. Anawerama, nayesa mabatani onse limodzilimodzi.

"Munakonzapo china?"

Phuma anafuna kukana, koma alamu ake anali atamuponyera diso. Phuma anatola kabatire kaja n'kuwapatsa mayiwo m'kapepala.

"Aka kanaola, mayi. Tachotsa."

"Mwachita bwino kundiuza. Ndikaika kena."

Ananyamulira limodzi kompyutayo mpaka ku galimoto. Atabwerera m'nyumba, Phuma anasesa fumbi patebulo, napinda katoni, naitambasulanso. Alamu ake anapempha madzi osamba m'manja, iye mwaphuma lake lija n'kuwabweretsera tsache.