Galimoto ya Bambo Sikupuma

Mzime anazimitsa injini atangolowa pageti, koma utsi sunathe msanga. Unayalana pabwalo ponse mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anathamanga kukaanula zovala zake.

"Kodi mwayamba kufukiza udzudzu masanasana?" anafuula mayiyo ali kuseri kwa mpanda.

"Ndi zaulere, amayi, musadandaule," anayankha Mzime, koma sanaseke.

Anatsitsa chikuku n'kuthandiza bambo ake kukhalapo. Chidwalireni sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zolemera, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, ena osamveka n'komwe. Galimoto yakaleyi ndi imene inkawafikitsa kuchipatala kukachita mafizo olimbitsa ziwalo. Mzime, mwana womaliza m'banjamo, ankasiya makina ake osokera n'kuwayendetsa yekha.

Mchimwene wake wamkulu anali atakhala kale pakhonde, ali m'malaya oyera a kuntchito.

"Ndimayesa kukupsa nyumba kumsewuko," anatero akuimirira. "Mlongo wanga, tisadzinamize. Makanika wa kuntchito kwathu anaimvetsera tsiku lija, akuti injini yadyeka m'kati. Ndalankhula ndi munthu wina amene amagula magalimoto otha n'kumaphwasula. Abwera madzulo ano."

"Madzulo ano? Nanga Bambo azipita pa chiyani kuchipatala?"

"Mabasi alipo."

"Achimwene, munawakwezapo basi inuyo? Munawanyamulapo anthu akukankhana pakhomo?"

"Nanga ikadzakuferani pakati pa msewu, kaya kuyaka moto Bambo ali m'kati, udzawanyamula bwanji?"

Mzime anayang'ana galimotoyo. Mchimwene wakeyo sankanama. Oyilo ankatha ngati pali wina akumwa mobisa, pamene galimoto inkagona panali pakuda bii, ndipo ikaima pamphambano inkanjenjemera ngati izima.

Pamenepo bambo awo anamenya chikuku ndi dzanja lamanzere.

"Si... sikupuma," anatero movutikira.

Ana onse awiri anawathamangira. Wamkulu anayamba kuwamasula mabatani a pakhosi. "Mukubanika, Bambo? Ndi pachifuwa? Mzime, tenga madzi!"

Bambowo anakankha dzanja la mwana wawo, nkhope itakwinyika, n'kuloza galimoto ndi chibwano. "Iyo! Iyo... sikupuma."

Bambowo anagula galimotoyo Mzime akadali pasukulu, ndipo asanadwale sankalola munthu wina aliyense kuiyandikira ndi sipanala. Mzime anawayang'ana m'maso kanthawi, kenako analowa m'nyumba. Anatuluka atavala ovololo yakale ya bambo ake, miyendo ataipinda kawiri, m'manja muli bokosi la zitsulo.

"Telala wasanduka makanika," anatero mchimwene wake. "Usaisoke mpendero injiniyo."

"Ingokankhirani Bambo pafupi, achimwene."

Anatsegula boneti. Bambo ankaloza, iye n'kumagwira, akalakwitsa iwo ankapukusa mutu. Kandodo koyezera oyilo kanali katatumphuka pamalo pake ngati wina wakakankha kuchokera m'kati. M'mbali mwa chivindikiro cha injini munali monyowa monse. Atatsegula bokosi la sefa ya mpweya anapeza oyilo atadikha pansi, sefayo itada.

"Oyilo akufuna chiyani muno?" anafunsa Mzime.

"Pepala," anatero bambo ake.

Mzime anathamangira kuchipinda chosokera n'kubwera ndi kapepala ka patani, ka kolala ya yunifolomu. Analiza injini, n'kuchotsa chotsekera pothirira oyilo monga bambo ake anamulozera, n'kuika kapepalako pabowo. Kanauluka nthawi yomweyo n'kukagwera pa nsapato za mchimwene wake. Pabowopo pankatuluka mpweya wotentha, wonunkha, fu fu fu.

Zinatenga nthawi kuti amve zimene bambo awo ankafuna kunena. Iwo ankaponya liwu limodzi, Mzime n'kulumikiza ena, iwo n'kuvomera kapena kukana ndi mutu. Pomaliza Mzime anatembenukira mchimwene wake.

"Akuti injini ikamayenda, mpweya wina umathawira pansi, kumene kumakhala oyilo. Pali kapaipi ndi kavalavu kamene kamaukoka n'kuubwezera kuti ukapse. Zimenezo zikatsekeka mpweya umasowa potulukira, ndiye umakankha oyilo paliponse pofooka. Wina amadontha pansi, wina amakapsa, ndiye utsi uja."

"Chabwino. Koma injini yodyeka imauziranso chomwecho, makanika uja anatero. Si zoona, Bambo?"

Bambowo anagwedeza mutu. "Zoona. Mwina." Anapumira kaye. "Tione... kaye."

Kavalavuko kanali kakuda, kotalika ngati chala, kobayidwa pa labala pamwamba pa injini. Mzime anakagwira ndi pulayala n'kumakapotoza uku ndi uku mpaka kanazuka.

"Gwedeza," anatero bambo ake.

Anakagwedeza pafupi ndi khutu. Zii.

"Kayenera kulira?"

Iwo anavomera. Mzime anathira petulo m'kachitini n'kukaviika. Petuloyo anada pompo. Anachotsa pini pa thumba la ovololo n'kuyamba kutokosa m'kati, ndipo munkatuluka zinthu zakuda zomata ngati phula. Anasintha petulo, anatokosanso, anakaumitsa padzuwa. Atakagwedeza kanalira, che che che, ngati muli kamwala.

Anakabwezera mwachangu n'kuliza injini. Anaika kapepala pabowo. Kanaulukanso.

Mchimwene wake anayang'ana wotchi. Sanalankhule monyoza. "Wayesetsa, mlongo wanga. Palibe angakunene. Kasambe m'manja."

"Sindinamalize."

"Mzime..."

"Ndati sindinamalize, achimwene. Munthu wanuyo akabwera andipeza pompano."

Bambo awo anali atatukula kale dzanja, chala chikutsatira paipi yochokera pa kavalavu kupita kuseri kwa injini. Mzime anaitsina. Inali gwa ngati mtengo. Anamasula kachitsulo komangira, anakoka, sinasunthe. Anaponda pa bampala n'kukoka ndi manja awiri. Paipiyo inathyoka pakati, dzanja lake n'kukamenya chitsulo. Magazi anatuluka pa mfundo za zala.

"Basi, wamaliza kuipha," anatero mchimwene wake, akumupatsa mpango wa m'thumba.

Koma Mzime sankayang'ana bala. Anakweza chidutswa cha paipi kuloza kudzuwa. Kuwala sikunadutse. M'kati monse munali modzaza ndi phala lakuda louma, lopanda ngakhale pobaya singano. Anachipereka kwa mchimwene wake. Iye anachitembenuza, anayesa kuuzira, masaya anangotupa.

"Zimenezi zalowamo bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pafupi... pafupi," anayankha bambo awo, akuzunguliza chala.

Mzime anamvetsa. Chipatala chinali pafupi. Chidwalireni bambo, galimotoyo inkangoyenda kamtunda komweko n'kuima, injini isanatenthe n'komwe, ndipo chinyezi ndi oyilo wakale zinkangoundana m'mapaipi.

Mchimwene wake anatola zidutswa zonse ziwiri n'kuzikulunga m'nyuzipepala. "Ndikupita kogulitsa masipeya. Usathyole china ndisanabwere."

Iye atapita, Mzime anapeza kuti kapaipi kachitsulo kamene paipi ija inkalowapo nakonso kanali kotsekeka. Anadula waya, anapinda kunsonga, anakolekapo kansalu konyowetsa petulo, n'kumakalowetsa pang'onopang'ono ngati mmene amalowetsera lasitiki m'chiuno mwa siketi. Tinsalu tinkatuluka takuda, iye n'kumadula tina. Thukuta linkalowa m'maso. Bambo ake ankamugwirira kachitini pamwendo, ndipo ngakhale dzuwa linawafika anakana kupititsidwa pakhonde.

Mchimwene wake anabwera ndi paipi yatsopano, sefa ya mpweya ndi chigubu cha oyilo. Pomangirira paipiyo panali pothina, ndiye anapinda manja a malaya n'kulowetsa mkono wake kuseri kwa injini. Kenako anagona chagada pa katoni kuti akhetse oyilo wakale. Podzuka, malaya oyera aja anali ngati chopukutira pansi.

"Alamu akakufunsani, musanditchule ine," anatero Mzime.

"Ndikanena kuti ndinakumana ndi telala wamisala. Liza."

Injini inalira. Mzime anatola kapepala kaja, kali ndi zidindo za zala, n'kukaika pabowo. Kanagwedezeka pang'ono, kenako kanakakamira, phathi. Anachotsa dzanja. Kanakhala pomwepo, injini ikukayamwa. Kunjenjemera kuja kunali kutachepa.

Bambo awo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, mpaka misozi inalengeza. Koma mchimwene wake anali atazungulira kumbuyo.

"Utsi ukadalipo," anatero.

"Wotsala," anayankha bambowo. "Upse. Msewu... wautali."

Foni ya mchimwene wake inalira. Anayang'ana dzina, anayang'ana mlongo wake, n'kuyankha. "Pepani akulu, musavutike kubwera. Lero ayi." Anamvetsera pang'ono. "Ayi, sindikulonjeza tsiku."

Atadula anati, "Sindikuti yachira. Pachivindikiro pakudonthabe, gasiketi yake ndi yofunika kusintha. Ndipo ndikufuna makanika uja aiyeze ndi zida, osati ndi khutu. Akapeza kuti yadyekadi, tidzakhalanso pansi."

"Tidzakhala," anatero Mzime. "Panopa nyamulani Bambo."

Anawakhazika kutsogolo. Mzime anayendetsa, mchimwene wake atakhala kumbuyo, khosi litapotokera pagalasi kuti aziona utsi. Anadutsa mashopu, anadutsa geti la chipatala osakhota, n'kulowa msewu waukulu wotuluka m'tauni. Poyamba utsi unkawatsatira. Atakwera chitunda unachepa, ndipo pofika pamlatho mchimwene wake anatembenuka n'kukhala bwino.

"Sindikuonanso kanthu," anatero. "Tikhoza kubwerera."

Mzime anayatsa getsi lokhotera n'kuyamba kuchepetsa liwiro. Bambo ake anali atatsitsa galasi, mphepo ikuwomba kumaso kwawo, akuyang'ana minda ndi mapiri amene anali asanawaone chidwalireni. Anatambasula dzanja lamanzere n'kuligoneka pa dzanja la mwana wawo, pa giya.

"Pitirira," anatero.

Mzime anazimitsa getsi lija n'kuponda moto.