Chithumba cha a Wendell

Mumzinda wa Port Galena munalibe munthu wosadziwa Bambo Chithumba, koma odziwa a Wendell Prochaska anali mkazi wawo wakale ndi dokotala wa mano basi. Chonsecho anali munthu mmodzi yemweyo.

Zinayamba chaka chomwe Abakha, timu ya mumzindamo ya bezibolo, masewero omenya mpira ndi chibonga, anagonja masewero oposa zana. A Wendell, omwe nthawiyo ankayendetsa basi, anatenga chithumba cha pepala cha kugolosale, kuboola maso awiri, kujambulapo misozi ndi kamwa yolira, n'kuvala kumutu. "Nkhope yanga sidzaonekanso pabwalo lino mpaka Abakha atatenga chikho," analumbira pamaso pa mtolankhani. Linali lumbiro losaopsa, poti Abakha anali atatha zaka makumi anayi chikho osachinunkha n'komwe.

Ankachivalira m'galimoto ndipo ankachivuliranso m'galimoto momwemo. Soseji ankadyera kunsi kwa chithumba, mowa n'kumakoka ndi kapaipi. Maso ankaona movutikira, koma pakamwa pokha panalibe chotchinga.

"Iwe nambala naini! Chibongacho wabwereka kwa agogo ako? Ndi mpira umenewo, si njoka, menya!"

Pampando woyandikana nawo pankakhala Mayi Lorraine Tibbets, omwe anapuma ntchito kupositi, ndipo ankalemba m'kope chilichonse chochitika pabwalo. Zaka khumi ndi chimodzi awiriwa anagawana mtedza ndi manyazi, m'bwalo lomwe mbalame zinkachuluka kuposa anthu. Mayiwo ankadziwa mawu a mnzawoyo, ngakhale chifuwa chawo, koma nkhope ndi dzina ayi. Sanafunsepo. Anthu okumana pamaliro safunsana zambiri.

Chaka cha 17 cha chithumba, zinthu zinasokonekera: Abakha anayamba kupambana. Anali atapeza woponya mpira wina, Yoendri Salcedo, yemwe mpira wake omenya ankangoumva kudutsa. M'mwezi wa Meyi timu inapambana masewero asanu ndi atatu motsatizana.

"Musatekeseke, Mayi Tibbets," anatero a Wendell. "Awa ndi Abakha. Pofika Julaye akhala atabwerera m'matope mwawo."

Julaye anafika, matope osaoneka. A Wendell anayamba kudzipeza akumvera wailesi kukhitchini uku mazira akupserera. Anagula malaya achikasu a timu, akuti chifukwa anali otsika mtengo. Zonyoza zinayamba kutuluka zopanda mchere. Tsiku lina Salcedo atatulutsa omenya atatu ndi mipira isanu ndi inayi yokha, a Wendell anamwetulira mpaka masaya kuwawa, kunja chithumba chikulira. Zoona zake n'zakuti timuyo ankaikonda kuyambira tsiku lomwe bambo awo anawanyamula paphewa kulowa nawo m'bwalolo. Chithumba chija chinali chikondi chonyanyala chabe.

Koma walira mvula walira matope. Bwalo linadzaza anthu obwera dzulo, oombera m'manja ngakhale mpira wolakwika. Eni timu, omwe kale anafuna kuwathamangitsa a Wendell, anayamba kugulitsa zithumba zosindikiza bwino, madola khumi ndi asanu chimodzi, misozi yake yonyezimira. Anthu zikwizikwi anazivala. Munthu wina wa mimba yaikulu anachita kuwagwira a Wendell paphewa n'kunena kuti, "Madala, gulani chenicheni kusitolo uko, chanuchi n'chopeka."

Zimenezi zinawalasa mtima. Anafuna kuti mzinda uone nkhope yomwe inavutika zaka zonsezi, udziwe kuti pali munthu dzina lake Wendell yemwe analipo pomwe ena onse anathawa.

"Mayi Tibbets, lero ndivula," anatero tsiku lina lotentha mu Ogasiti.

"Mwapenga? Timu ikupambana inu musinthe chinthu?" Mayiwo anakweza mwendo. "Mwawaona masokosi awa? Sindinachape chiyambire Meyi. Amuna anga anasamukira pabalaza, galu naye anawatsatira. Ndiye inu muziti chiyani?"

"Komatu muno mukutentha."

"Psani. Munalumbira nokha, palibe anakutumani. Mukangokhudza chithumbacho ndikubayani ndi pensuloyi."

A Wendell anapirira. Anawerenga masiku ngati mkaidi. Kunyumba ankaima pagalasi kuyeserera nkhope yomwe adzaonetse mzinda, ina yosangalala, ina yaulemu, ndipo anakameta ngakhale tsitsi linali la m'mbali mokha.

Masewero omaliza olimbirana chikho anachitika masana a Lamulungu lina mu Okutobala. Pofika chigawo chomaliza Abakha ankatsogola ndi chigoli chimodzi chokha, ndipo panatsala womenya mmodzi wa timu inayo woti atulutsidwe. A Wendell anali atakuwa kuyambira poyamba. "Salcedo mwana wanga! Ponya, bambo, ponya!" Apa mawu anatheratu, pakhosi pankangotuluka mpweya.

Chibonga chinalira, mpira unakwera m'mwamba, bwalo lonse zii. Nambala naini yemwe uja anathamanga cham'mbuyo, kukweza dzanja, n'kuuwakha.

Phokoso lake linagwedeza simenti. Mayi Tibbets anataya kope n'kudumphira m'kanjira, akukumbatira aliyense. A Wendell anakhala pansi. Anavula chithumba chija, n'kuchisiya chigwe. Kamphepo kanawomba padazi. Nkhope zonse zoyeserera zija anaziiwala, anangolira ngati mwana.

Anayang'ana pakanema wamkulu wa pabwalo, kudikira kuti awaonetse. Panaoneka munthu wa mimba uja akuvina ndi chithumba chake chosindikiza, pansi atalemba kuti BAMBO CHITHUMBA. Bwalo linaombera m'manja.

Kenako Mayi Tibbets anabwerera, ali wefuwefu. Aliyense anali m'malaya achikasu. Pampando wa mnzawo anaona mdala wadazi akufwenthera.

"Pepani bambo, pamenepo pali mwini wake," anatero. A Wendell anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. "Simukumva? Inu obwera dzulo mulibe manyazi eti? Munthu wavutika zaka zonsezi pampando umenewo, lero inu mudzalirepo misozi yobwereka? Dzukani!"

Mayiwo anatembenuka, n'kuima ndi zala zakuphazi, kumafufuza m'chikhamu. "Bambo Chithumba! Muli kuti?"

A Wendell anawerama. Chithumba chinali pansi pa mpando, chitanyowa ndi mowa, wina atachiponda. Anachiwongola n'kuchivala.

"Ndinu apa!" Mayi Tibbets anawakumbatira mpaka nthiti kulira. "Munapita kuti? Kunabwera chimdala china apa, nkhope ngati mbatata yowola, chimafuna kulanda malo anu. Ndachithamangitsa." Anapukuta misozi n'kuseka. "Chikho tatenga, mnzanga. Vulani tsopano, tikuoneni!"

A Wendell anagwira m'mphepete mwa chithumba ndi manja onse awiri, n'kuchikokera pansi.