Nambala 17

Ntchito yanga ku yunivesite inali kumvetsera. Ndinkavala zomvera m'makutu n'kumalemba pa kompyuta mawu onse a anthu amene Adokotala anacheza nawo. Adokotala si a kuchipatala ayi. Ndi mayi wamfupi, wa imvi za apo ndi apo, amene atha zaka zisanu ndi zinayi akufufuza zimene uchigawenga umasiya m'mitima ya anthu. Ankati anyuzipepala amawerenga akufa n'kupita, koma iwo amafuna otsala: amene anasiya kulonjera mlendo, amene amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka.

Chaka chimenecho ankacheza ndi anthu amene anapulumuka bomba litaphulika pa depoti ya mabasi. Aliyense ankapatsidwa nambala m'malo mwa dzina. Tsiku loyamba anandiuza lamulo lawo: ukazindikira mawu a munthu, zimitsa pomwepo, bweza kwa ine kafulashi kosungira mawuwo, ndipo usadzauze aliyense.

Lachitatu lina ndinatsegula Nambala 17. Munthu asanayankhule ndinamva makina osokera, chopondera chake chikulira ngati kamwana ka mphaka. Kulira kumeneko ndinkakudziwa. Ndine amene ndinkamuseka telala wanga, bwenzi langa, kuti athire mafuta, iye n'kumati makina opanda nyimbo amasoka zokhota.

Kenako mawu ake, otsika kwambiri: "Nthawi imeneyo sindinali telala. Ndinkanyamula katundu pa depoti. Bambo wina anandipatsa chikwama chabuluu kuti ndimukwezere..."

Ukwati wathu unali utatsala miyezi iwiri, koma za depoti sanandiuzepo. Ndinkangodziwa kuti sakwera galimoto za anthu ambiri. Ankandiperekeza wapansi, ati njira italike, ine n'kumakhulupirira kuti chinali chikondi chokha. Kodi ankadziwa za m'chikwamamo? Yankho linali pompo, m'mphindi makumi anayi zotsalazo, ndipo m'chipindamo ndinali ndekha.

Ndinazimitsa.

Adokotala ndinawapeza mu ofesi akuthirira duwa lawo lofota ndi kapu ya tiyi. Atandiyang'ana kumaso sanafunse zambiri, anangofuna kudziwa pamene ndinalekezera. Ndinawachonderera, misozi ili m'maso, kuti andiuze chimodzi chokha: ngati munthu amene ndikukwatirana nayeyo ali ndi mlandu.

"Mwanawe, ine sindidziwa telala aliyense," anatero. "Ndikudziwa Nambala 17, ndipo ndinamulonjeza."

Anaika kafulashi kaja m'dirowa n'kukhoma. Kenako anandiuza mofatsa kuti zaka zonsezi aphunzira chinthu chimodzi: wotchera bomba safuna akufa okha, amafuna kuti otsala azikayikirana mpaka kuchipinda. Anthu awa anatsegula pakamwa chifukwa panapezeka malo amodzi pamene mawu awo sangawatembenukire. Adokotalawo akangoulula mawu a munthu, ngakhale kwa womukonda, ndiye kuti amumalizira wachigawenga ntchito yake.

Ndinafuna kuwakwiyira, koma ndinalephera. Anati Nambala 17 alemba okha, ngakhale amatayipa ndi zala ziwiri zokha, ndipo akamaliza chaka chamawa ndisawaseke.

Madzulo ndinamupeza telala wanga pageti, tepi yoyezera ili m'khosi monga mwa masiku onse. Anandifunsa ngati ndameza singano, poti ndinali duu. Ndinati ndatopa chabe. Tinayenda mpaka pa mphambano pamene nthawi zonse ankakhotera kumanzere kuzemba depoti. Mafunso ndinali nawo ambiri, koma ndinakumbukira dirowa lija. Ndinamugwira dzanja n'kuyamba ndine kukhota.

"Tidzere yaitali," ndinatero. "Ngakhale moyo wonse, sindikufulumira."

Anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupinda ndi kutambasula nsonga ya tepi ija. Kenako anandikokera pa benchi ya kutsogolo kwa sitolo yotseka, nakhala pansi ngati munthu wotula mtolo.

"Nthawi imeneyo sindinali telala," anayamba.

Ulendo uno ndinamvetsera mpaka kumapeto.