Timabowo ta pa Masiki

Pamsewu wonsewo ankawatchula kuti Achigayo, ndipo dzinali silinachokere ku ntchito yawo. Ntchito yawo inali yophika buledi usiku kubekale. Dzinalo linachokera ku mkonono umene ankaliza masana akaweruka. Akazi awo, Atelala, ankaseka nawo anthu akamanena zimenezi, koma mumtima ankadziwa kuti choopsa si phokosolo. Choopsa chinali pamene chigayocho chazima mwadzidzidzi. Bamboyo ankangoti zii, chifuwa osayenda, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Kwa zaka zambiri Atelala ankasoka khutu limodzi lili kuchipinda, ndipo kukangoti chete ankasiya nsalu n'kuthamanga kukawagwedeza.

Zinthu zinasintha adokotala atapereka makina othandiza kupuma pogona: kabokosi kokhala pampando pafupi ndi bedi, paipi, ndi masiki yophimba mphuno ndi pakamwa. Mkonono unatha. M'malo mwake munkamveka kamphepo kosalekeza kotuluka pa timabowo ting'onoting'ono, pamene masiki imalumikizana ndi paipi. Timabowo timeneti Atelala sanatikonde kuyambira tsiku loyamba. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuika zigamba sangaone bowo n'kulikhululukira. Ankati amene anapanga chinthucho anachisiya osamaliza. Tsiku lokalandira makinawo sanawaperekeze amuna awo chifukwa anali ndi mayunifomu a ana asukulu oti amalize, ndipo Achigayo si munthu wofotokoza zinthu. Ukawafunsa kuti adokotala anena chiyani, amangoti anena bwino.

Chipinda chogonacho chinalibe chitseko. Atelala anachizula kalekale n'kuchigoneka pa mipando iwiri pabalaza kuti azidulirapo nsalu, pakhomopo n'kupachikapo katani. Palibe anadandaula, mpaka pamene mwana wawo wamkazi anabwera kudzakhala nawo atatuluka kuchipatala ndi khanda lobadwa masiku asanakwane. Kanali kamwana kakang'ono moti zipewa zonse zogula zinkakaphimba mpaka m'maso. Anamwino anachenjeza mobwereza kuti munthu wa chimfine kapena chifuwa asakayandikire. Mayi ndi khanda ankagona pabalaza pomwepo, pambali pa makina osokera.

Ndiye m'mawa wina Achigayo anabwera kuchokera kuntchito maso ali psuu, akutsokomola, thupi likutentha. Anadutsa pabalaza atatseka pakamwa ndi chipewa, osayang'ana n'komwe mdzukulu wawo, anamwa mankhwala, n'kuvala masiki yawo n'kugona.

Atelala analowa kukasiya madzi akumwa pambali pa bedi. Poweramira, kamphepo kaja kanawawomba pamkono. Anaima. Kamphepo kameneka kankachokera pankhope ya munthu wodwala, ndipo kankatuluka mwamphamvu, osapumira. Atatembenuka anaona m'munsi mwa katani mukugwedezeka pang'ono. Mwina inali mphepo ya pawindo, koma kuseri kwa kataniyo kunali khanda lija.

Anabwerera pamakina osokera koma phazi linakana kupalasa. Kuzimitsa kabokosi kaja sakanatha, chifukwa ankadziwa bwino chimene chimachitika amuna awo akagona opanda iko, makamaka mphuno zitatsekeka chonchi. Kukasiya kakuuzira chimfine m'nyumba monse sakanathanso. Anayang'ana kachifuwa ka mdzukulu wawo kakukwera ndi kutsika mofulumira. Foni inali pomwepo patebulo, nambala ya kuchipatala inali yomatidwa pakabokosi. Koma safunsa anadya phula, ndipo Atelala anali mayi wozolowera kuti vuto lililonse lili ndi msoko wake.

Mudengu la zidutswa anapezamo kansalu kotsala pa jekete lamvula, kosalowa madzi kapena mphepo. Anayeza ndi maso, anadula, anaika lasitiki mbali zonse ziwiri ndi timabatani tomangira, n'kusoka kachikwama kokwana ndendende. Analowa monyang'ama n'kukakulunga pa timabowo tija amuna awo ali mtulo. Kamphepo kanaleka nthawi yomweyo. Anaika dzanja pafupi, osamva kanthu. Kunena zoona ananyadira, chifukwa inali ntchito yaukhondo.

Mwana wawo anafunsa monong'ona ngati makina a bambo ake azima. Iwo anayankha kuti ayi, angokonzapo pamene pamatuluka mpweya, n'kukhala pansi kuyamba kupinda siketi ya kasitomala.

Koma chete ameneyu sanawapatse mtendere. Khutu lawo lija, lozolowera kukhala kuchipinda, linkafunafuna chinthu osachipeza. Anasoka msoko umodzi mokhota, n'kuumasula. Anadziuza kuti kabokosi kakuyakabe, nyali yake anaiona. Anayambiranso msoko uja. Kenako kuchipinda kunamveka kubuula kwachilendo, kosafanana ndi mkonono komanso kosafanana ndi kutsokomola.

Anawapeza Achigayo thukuta lili kamukamu, nkhope itafiira, akupuma mozama ndi mofulumira ngati munthu wokwera phiri. Zala zawo zinkakanda bulangete. Atelala anawaitana, osayankha. Anawagwedeza phewa monga ankachitira kale, koma mutu unangogwera kumbali. Apa mpamene anakoka masiki yonse n'kuitaya pabedi, n'kuyamba kuwamenya pamasaya akuitana mwana wawo.

Bamboyo anatsegula maso patapita kanthawi kamene kwa Atelala kanali kotalika kuposa zaka zonse za mkonono. Anayang'ana denga, anayang'ana akazi awo ngati sakuwadziwa, kenako anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kunena kuti ukuwawa ngati wina akuuwaza ndi nkhwangwa.

Mwana wawo anaimirira pakatani, khanda atalisiya kutali, n'kuimba foni kuchipatala. Anamwino anafunsa za kutentha kwa thupi, za mtundu wa milomo, ngati akuyankhula zomveka. Kenako anafunsa ngati pali chimene chasinthidwa pamakinawo. Mtsikanayo anayang'ana mayi ake. Atelala anatenga foniyo okha n'kufotokoza za kachikwama kaja.

"Mayi, timabowo timeneto ndi khomo lotulukira mpweya umene bambo apuma kale," anatero anamwinowo mofatsa. "Mukatitseka, akupumanso mpweya womwewo. Musadzatitsekenso, ngakhale ndi chala."

Anamwinowo anati nkhawa ya khanda inali yoona, chifukwa makinawo amamwazadi mpweya wa wodwala m'chipinda. Koma njira yake inali ina: bambo azigona okha, windo lotsegula, chitseko chotseka, masiki itsukidwe ndi sopo tsiku lililonse, ndipo amene waigwira asambe m'manja asanakhudze mwana. Anawauzanso kuti abwere nawo bambowo tsiku lomwelo adzawapime m'chifuwa. Atelala anavomera zonse, koma pa mawu akuti chitseko anayang'ana tebulo lawo lodulira nsalu.

Akudikira galimoto ya mnansi wawo, Achigayo anatola kachikwama kaja pabedi n'kukatembenuza uku ndi uku. Munthuyu nthabwala sizimuthera ngakhale atadwala chotani.

"Koma mwasoka bwino, mayi," anatero ndi mawu osasa. "Sipanadutse mpweya ngakhale pang'ono."

Ankafuna kuti aseke. Atelala anakhala pansi m'mphepete mwa bedi n'kulira, kulira kwenikweni, mpaka amuna awo anachita manyazi n'kubisa kansaluko pansi pa pilo.

Kuchipatala anati chifuwa sichinalowe m'mapapo, n'kuwapatsa masiku opuma kuntchito. Atabwerako, Atelala anachotsa nsalu, sizasi ndi choko pachitseko chija. Iwo ndi mnansi uja anachinyamula n'kuchibwezera pamalo pake, chili ndi mizere ya choko ndi mabala a sizasi thupi lonse. Anatsuka masiki, anaiumitsa, anatsegula windo, n'kuonetsetsa ndi maso awo kuti kabowo kalikonse kali poyera. Achigayo anagona, iwo anatuluka n'kutseka.

Apa mpamene anazindikira chimene chitsekocho chawalanda. Pabalaza sipankamvekanso chilichonse chochokera kuchipinda. Khanda linali mtulo, mayi ake akuwodzera, nyumba yonse ili zii, chete yemwe uja amene anakhala akumuopa zaka zonsezi. Anayesa kudula nsalu pansi atagwada, koma sizasi inangoima m'manja.

Anasamba m'manja kachiwiri, anakoka kampando kawo n'kukaika pafupi ndi chitseko. Pansi pa chogwirira panali bowo la kiyi, kiyi wake anatayika kalekale. Tsiku lina lililonse akanalitseka ndi kachidutswa ka nsalu. Anatsamira n'kuikapo khutu, ndipo patali, mopepuka, anamva kamphepo kaja kakutuluka. Siketi ya kasitomala anaipindira pomwepo ndi singano ya pamanja, mutu atautsamiritsa kuchitseko.