Mphika wa Mayi Eduvigis Uli Pansi pa Nyanja

"Alamu, mphika wanga."

Moni wa mayi Eduvigis kwa a Baudilio, mchimwene wa malemu amuna awo, unali umenewu sabata yonse. Mphikawo unali wamkuwa, woti mwana n'kusambiramo. Ukwati wa Zunilda, mwana wa mayi Eduvigis, unali Loweruka, ndipo m'tauni yonse ya Calbuco munalibe mphika wina wokwana nkhono, mbatata ndi nkhumba za anthu zana.

A Baudilio anali woyang'anira injini ya Pilpilén, sitima ya asilikali apamadzi yoyendera malasha, yokoka zinzake. Inagwira ntchito zaka makumi asanu: inakoka sitima zankhondo, inaperekera mafuta ku nyali zam'zilumba, inanyamulapo ng'ombe ngakhalenso bishopu. Nkhondo yokha sinaione. Itakalamba, a Baudilio anaipezera ntchito ina. Ankabwereka mphika uja, kudzazamo nkhono, kulowetsamo paipi ya nthunzi, mphindi khumi zapsa. Madzi otsukira nkhonozo ankatunga pa mpope wapansi wolowetsa madzi a m'nyanja.

Tsiku la Mikayeli Woyera belu la tchalitchi linalira akutsuka. Onse anathamangira kukanyamula fano la woyerayo, mpope uli chitsegukire. Pobwerera anapeza sitima yamira ndi mphika womwe, chumuni chokha chikusuzumira pamwamba pa madzi, mbalame itatera kale.

"Mlamu, dziko lataya sitima, inu mukulira mphika?" anatero a Baudilio pa doko.

"Dziko lili ndi sitima zambiri. Ine mphika ndi umodzi."

"Bwerekani kwa aneba anu a Fresia."

"Wa a Fresia? Wophikira tiyi wa mphaka uja? Lowani m'madzimo mukautenge."

"Mukudziwa kuti sinditha kusambira."

"Zaka zonsezi panyanja mumatani? Mimba imeneyo ikuyandamitsani, musaope."

A Baudilio anatsitsa mawu. Akuluakulu anali atalemba kale kuti sitimayo inamira ndi ukalamba. Mphika ukangotuluka anthu akuona, afunsa kuti mphika umatani m'chipinda cha injini, ndiye penshoni yawo yathera pomwepo.

Mayi Eduvigis anamangitsa mpango. "Chabwino. Ndikafunse akuluakuluwo, mwina iwo amasambira."

Anayenda mapazi asanu okha.

"Mlamu! Taimani kaye!"

Lachinayi kunabwera Evaristo, uja amalowa pansi pa nyanja atavala chisoti chachitsulo. Anatumidwa kukavuula belu la sitimayo kuti likaikidwe ku likulu. A Baudilio anamukokera kumbali, n'kumupempha kuti avuulenso mphika mwachinsinsi. Evaristo anati akufuna nkhumba yathunthu. Mayi Eduvigis analowererapo ngati nkhumbayo ndi yawo.

"Nkhumba yathunthu pa ntchito yongowerama? Mwendo umodzi."

"Mayi, pansipo ndi mdima."

"Miwiri, ndi mutu. Yotsalayo ibwere ku ukwati. Alamu avomera."



Masana ake gulu loimba malipenga linaima pa doko, mkulu wa asilikali atavala zoyera akuwerenga mbiri ya Pilpilén. Chingwe choyamba chinatulutsa belu, anthu n'kuvula zipewa. Chachiwiri chinatulutsa chinthu chokulungidwa m'chiguduli.

"Nanga icho?" anafunsa mkuluyo.

A Baudilio thukuta kamukamu. "Chiwalo cha injini, bwana."

"Chiwalo chanji chokhala ndi zogwirira ziwiri?"

"Injini zakale, bwana. Za Angerezi."

Mkuluyo anagwedeza mutu mwaulemu, nati chipite ku likulu limodzi ndi belu. Koma mayi Eduvigis anali atachisenza kale.

"Bwana, ine ndine wamasiye wa sitima imeneyi. Amuna anga anaithira malasha mpaka chifuwa chinawatenga. Belu tengani, ichi n'cholirira ine."

Anthu ena anapukuta misozi. Mkuluyo anachitira mayi Eduvigis sawatcha.

Kuseri kwa nyumba yosungiramo malasha anamasula chiguduli. Mphika unali wabwinobwino, m'kati muli nkhanu yaikulu, yokwiya. Anaugogoda, anauyang'ana kunsi, kenaka anatembenukira kwa a Baudilio.

"Chivundikiro?"

"Mlamu, nkhumba yanga yapita. Ngakhale mukaitane pulezidenti, chivundikiro ayi!"

Mayi Eduvigis anayeza nkhanu ija m'manja. Inali yolemera ndithu.

"Ndivundikira ndi masamba. Loweruka mubwere ndi nkhuni."